Momwe mungazimitsire moto pa masamba a mchezo anthu akakwiyira ligi ya kiriketi

Kumapeto kwa 2023, bungwe la Cricket South Africa litalengeza timu yopita ku New Zealand, masamba a mchezo anayaka moto. Akatswiri ambiri anatsalira kuti asewere SA20, ligi ya ku South Africa ya masewero aafupi, ndipo ukaputeni unapita kwa Neil Brand, yemwe anali asanasewerepo Test (kiriketi ya masiku asanu ya pakati pa mayiko) ndi imodzi yomwe. Steve Waugh, kaputeni wakale wa timu ya Australia, anadandaula pa Instagram, mkwiyo wonse nkugwera SA20 ngati kuti ndi iyo ikupha kiriketi ya masiku asanu. Ine ndinayang'anirako masamba a ligi ina yaing'ono kuno ku Johannesburg, ndipo moto wotere unandiwotchapo.

Choyamba, musanayankhe munthu aliyense, imitsani mapositi onse amene munawakonzeratu kuti adzituluka okha. Apa ndi pamene ndinagwa ine.

Masapota anali atakwiya chifukwa tinasintha tsiku la masewero anthu atagula kale matikiti. Usiku umenewo ndinakhala pa laputopu mpaka cha m'ma 11 koloko, kuwerenga ndemanga, kulemba zoti tinene mawa. Ndinaiwala kuti sabata yapitayo ndinali nditaika positi ya kampani yotithandiza, yoti ituluke 7 koloko m'mawa. Inatulukadi: chithunzi cha wosewera akumwetulira, botolo lili m'manja, pansi pake mawu oti gulani matikiti msanga. Ndikudzuka, foni inali itatentha. Bambo wina anali atalemba kuti analipirira ana ake awiri basi kuchokera kutali, ife tikumuseka. Mantha atandigwira ndinafufuta positiyo pamodzi ndi ndemanga zake zonse. Koma anthu anali atajambula kale screenshot, ndipo nkhani inasintha: sinalinso ya tsiku la masewero, inali yoti ligi ikutseka anthu pakamwa. Bambo uja ndimamukumbukirabe, chifukwa sananame.

Ndiye lowani mu Meta Business Suite, chida chokonzera mapositi a Facebook ndi Instagram, kapena chilichonse chimene mumagwiritsa ntchito, muone kalendala yonse ya sabata imeneyo. Onaninso zotsatsa zolipira, chifukwa zimayenda pazokha. Imbirani matimu onse a mu ligi ndi makampani okuthandizani kuti nawonso aime kaye. Zida zolipira ngati Hootsuite ndi zabwino, koma ndalama zake pamwezi n'zowawa kwa ligi yaing'ono, pomwe ya Meta ndi yaulere.

Kenako siyanitsani anthu. Pali okwiya pa chifukwa chenicheni, pali otukwana basi. Wotukwana wosewera chifukwa cha khungu kapena mtundu wake, sungani umboni, bisani ndemangayo, mumuneneze kwa eni tsambalo. Pa Facebook ndemanga yobisidwa mwiniwake amaionabe, choncho sipakhala phokoso. Wodandaula za matikiti kapena za kiriketi ya Test musamukhudze, ngakhale mawu ake akhale owawa. Ameneyo ndi amene amadzaza bwalo.

Pa nthawi ngati imeneyi mudzalandira mauthenga a anyamata odzitcha akatswiri, olonjeza maakaunti mazana oti azikuyamikirani m'ndemanga mukangowapatsa ma rand masauzande angapo. Akaneni. Masapota a kiriketi si ana, akaona akaunti yopanda chithunzi, yotsegulidwa dzulo, ikuyamikira ndi mawu ofanana ndi ina khumi, amadziwiratu.

Tsopano yankho. Likhale limodzi, lalifupi, lochokera kwa munthu wa dzina, osati logo. Nenani chimene chachitika, chifukwa chake, ndi chimene muchite. Cricket South Africa inafotokoza kuti masiku a mipikisano iwiriyo anawombana ndipo inayesa kupeza nthawi ina. Ambiri sanakhutire, makamaka New Zealand itapambana 2-0 mu February 2024, komabe panali chifukwa choti anthu atsutsane nacho. Ngati mwalakwa, pepesani osazungulira, ndipo ngati ndi nkhani ya ndalama, lembani tsiku limene zibwezedwe.

Osewera auzeni pa gulu la WhatsApp kuti asayankhe aliyense. Atolankhani apatseni mawu omwewo. Pakatha masiku awiri kapena atatu yambirani ndi zigoli ndi mavidiyo a masewero, zotsatsa zibwere pambuyo, ndipo kalendala ija muziyiona usiku uliwonse musanagone.