Musanaitanitse bolodi yanu yoyamba ku fakitale

Masiku apitawa ndidakacheza ku Area 25 kwa mnyamata wina amene akudzipangira makina ofungatira mazira a nkhuku. Nzeru ali nazo ndithu. Ali ndi Arduino (kakompyuta kakang'ono kolamulira makinawo), kachipangizo koyeza kutentha, relay yoyatsa ndi kuzimitsa babu, ndi kafani kakang'ono. Koma zonsezi adazisomeka pa breadboard, kathabwa ka timabowo koyeserapo zamagetsi popanda kuwotcherera, mawaya ali piringupiringu ngati mizu ya nsungwi. Usiku wina waya mmodzi adasomoka, babu osayakanso, mazira n'kuzizira mpaka kutacha. Atandionetsa adandifunsa kuti, "Achimwene, bolodi yeniyeni yosindikiza ija ndingaitanitse kuti, nanga ndi ndalama zingati?"

Amanena bolodi yopangidwa ku fakitale, imene njira za kopa zimalumikiza zipangizo m'malo mwa mawaya. Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri, ndipo ambiri amafuna ndingowatchulira dzina la kampani basi. Mayina ndiwatchula, koma ndikupempheni kuti muyambe mwaiona nkhaniyi momwe mlimi amaonera munda wachitsanzo. Bolodi yoyamba ndi yoyesera. Simubzala ekala yonse ndi mbewu imene simunaionepo ikubereka. Choncho kampani yoyenera ndi imene ingakupangireni mabolodi ochepa, kuwafikitsa kuno ku Lilongwe pa mtengo umene simungalire nawo mukapeza kuti mwalakwitsa, ndiye n'kuyambiranso.

Anthu ambiri opanga zinthu zamagetsi pakhomo amaitanitsa ku makampani a ku China monga JLCPCB ndi PCBWay. Kumeneko bolodi ya mbali ziwiri (yokhala ndi njira za kopa pamwamba ndi pansi) yosapitirira mamilimita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi ndiye yotsika mtengo kwambiri, ndipo amayambira pa mabolodi 5. JLCPCB idatchuka ndi mtengo wa madola 2 pa mabolodi asanuwo. Ku America kuli OSH Park, yodziwika ndi mabolodi ake a mtundu wa pepo. Iwo amawerengera kukula kwa bolodi: kwa zaka zambiri mtengo wawo wakhala madola 5 pa sikweya inchi imodzi, n'kukupatsani mabolodi 3. Kabolodi kakang'ono ngati chala chachikulu n'kotchipa kwa iwo, koma bolodi ya 100 kwa 100 ija imapitirira madola 70. Ndiye yezani kaye bolodi yanu musanasankhe kopita.

Madola 2 aja asakunamizeni. Kwa ife a kuno, kupanga bolodi ndi gawo laling'ono la ndalama zonse. Chimene chimaluma ndi ulendo wake. Mukasankha DHL kapena FedEx, katundu amabwera msanga ndipo mumatha kumulondola pa foni, koma mtengo wotumizira umaposa wa mabolodiwo kangapo. Mukasankha njira yotchipa ya positi, konzekerani kudikira masabata ambiri. Katundu akafika, a MRA amayang'ananso za msonkho, ndipo nthawi zina kampani yonyamula katundu imaika kake kolipirira ntchito yotulutsa katunduyo. Pamwamba pa izo pali ndalama zakunja. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo tonse tikudziwa momwe kulipira pa intaneti ndi khadi ya kubanki kumavutira masiku ano. Pitani kubanki yanu mukafunse ngati khadi yanu ikuloledwa kulipira kunja, komanso malire ake, musanataye usiku wonse mukudzaza oda. Safunsa adadya phula.

Njira yoyezera makampani ndi yosavuta. Ikani mafayilo anu pa tsamba la kampani iliyonse, lembani Malawi ngati dziko lolandira, pitani mpaka pamene akuonetsa ndalama zonse, koma osalipira. Lembani nambala imeneyo m'kope. Teroninso kwina. Nambala yomalizayo ndiyo muyerekeze, osati ya pachikwangwani chawo.

Tsono ndikhalitse pang'ono pa chinthu chimene chimagwetsa anthu ambiri kuno, chifukwa n'chimene chimandiwawa ndikachiona. Munthu amajambula bolodi yake bwinobwino pa KiCad kapena EasyEDA, mapulogalamu aulere onsewa, n'kusankha malo a relay kapena capacitor (kachipangizo kosunga magetsi pang'ono) kuchokera m'ndandanda wa pakompyuta. Bolodi ikafika, apita kumashopu a ku Old Town kukagula zipangizo, n'kupeza kuti relay imene ili pamsika miyendo yake ndi yotalikirana mosiyana ndi timabowo ta pa bolodi. Ndidaonapo mnzanga wina wa ku Kawale atagwira mabolodi asanu okongola, obiriwira, onyezimira, akuyesa kupinda timiyendo ndi pulayala kuti tilowe, mpaka kamwendo kamodzi kuthyoka. Fakitale idalibe mlandu. Idapanga zimene adaituma.

Mankhwala ake ndi awa: gulani zipangizo poyamba, zikhale m'manja mwanu. Kenako sindikizani chojambula cha bolodi papepala, kukula kwake kwenikweni, osachepetsa kapena kukulitsa pa printa. Yalani pepalalo pa kachidutswa ka katoni kapena siponji, mutenge chipangizo chilichonse n'kubaya timiyendo take pa timadontho ta mabowo. Chikalowa mosakakamiza, zili bwino. Chikakana, mwapulumutsa ndalama ndi mwezi wathunthu. Onaninso kuti simunatembenuze chipangizo, makamaka tizipangizo tolamulira magetsi monga transistor ndi regulator, chifukwa pepala la wopanga chipangizocho nthawi zina limaonetsa miyendo kuchokera pansi pomwe inu mukujambula kuchokera pamwamba.

Kampani iliyonse yabwino imalemba poyera malire a zimene makina ake angathe: kuonda kwa njira za kopa, mpata pakati pa njira ziwiri, ndi kabowo kochepetsetsa. Makampani ambiri amatha njira yoonda mamilimita 0.15, koma inu musakakhale m'mphepete mwa phompho popanda chifukwa. Pa ntchito za pakhomo, njira ya mamilimita 0.3 kapena 0.4 ndi yabwino, ndipo njira zonyamula mphamvu muzinenepetse. Pa kopa wamba wa 1 oz, amene ndi wochindikala ma micrometre 35, njira ya milimita imodzi imanyamula pafupifupi ma ampea 2 osatentha kwambiri. Lowetsani malire a kampaniyo mu pulogalamu yanu, muyendetse DRC, imene imafufuza zolakwika, mpaka isapezenso kanthu. Pomaliza tulutsani mafayilo a Gerber, amene fakitale imatsatira popanga bolodi, pamodzi ndi fayilo ya mabowo. Ambiri amaiwala ya mabowoyi. Kampani imene ili ndi poonera Gerber pa tsamba lake, kuti muone bolodi mbali zonse musanalipire, ndiyo ine ndimaikonda, komanso imene imakulemberani ikaona chachilendo m'malo mongopanga mwakachetechete. Onetsetsani kuti kampaniyo imayeza bolodi iliyonse ndi magetsi isanatumize.

Pa zosankha zina musadzivutitse. Sankhani bolodi ya FR-4, mtundu wamba wopangira mabolodi, yochindikala mamilimita 1.6, mbali ziwiri, utoto wobiriwira. Mitundu ina ya utoto nthawi zambiri imachedwetsa kapena kukwera mtengo. Pa zokutira malo owotcherera, HASL ndi yotchipa ndipo imagwira solder (chitsulo chosungunula powotcherera) mosavuta ndi chowotcherera chapamanja. Ilipo yokhala ndi mtovu ndi yopanda mtovu; mukagwira ya mtovu, sambani m'manja musanadye nsima. ENIG, ya maonekedwe a golide ija, ndi yosalala bwino ndipo imathandiza pa tizipangizo ta timiyendo tothithikana, koma pa makina a mazira kapena oyatsa pampu ya kudimba, ndalama imeneyo isungeni.

Ngati bolodi yanu idzakhudza magetsi a ESCOM, a mavoti 230, apa pokha ndikulankhula mwamphamvu. Patulani mbali ya magetsi akulu ndi mbali ya Arduino, pakhale mpata wa mamilimita osachepera 6, ndipo ngati n'kotheka pemphani kuti aboole kangalande pakati pake. Fumbi la Lilongwe m'chilimwe likasakanikirana ndi chinyontho cha dzinja limatha kutsegulira magetsi njira pamene inu simunajambule. Bolodi yotere ikhale m'bokosi lotseka, kutali ndi ana, ndipo musaiwale fuse.

Za nthawi: mafakitale a ku China amapuma pa chikondwerero chawo cha chaka chatsopano, chimene chimagwa kumapeto kwa January kapena mu February, komanso sabata yoyamba ya October. Ophunzira amene muli ndi ntchito yokaonetsa kusukulu, werengani masiku mobwerera m'mbuyo, ndipo muikemo ulendo wachiwiri, pakuti bolodi yoyamba sikawirikawiri kutuluka yopanda chilema.

Popeza chodula ndi kutumiza, sonkhanani. Anthu anayi kapena asanu, aliyense ndi bolodi yake, mutha kuika maoda anu mu phukusi limodzi n'kugawana mtengo wa ulendo ndi msonkho, monga momwe alimi a m'kalabu amagulira feteleza pamodzi. Anzanu otere mungawapeze ku mHub, malo okumanirana achinyamata a zaukadaulo, ku Lilongwe Technical College, ngakhale pakati pa okonza mafoni ndi mawailesi mumsika. Gwirizanani tsiku lotsekera, ndipo aliyense aonetse mafayilo ake kwa mnzake, chifukwa diso la wina limaona zimene lako lazolowera. Mabolodi otsala musawataye. Pa asanu aja, imodzi muwotcherere, ina musunge, zotsalazo musinthane.

Ndipo si ntchito iliyonse yofunika fakitale. Ngati muli ndi zipangizo zosakwana khumi ndipo mukufuna chinthu chimodzi chokha, veroboard (bolodi yogula kale ya timabowo ndi mizere ya kopa) yowotcherera bwino ikukwanirani lero lomwe. Mnyamata wa ku Area 25 uja ndidamulangiza zomwezi: asamutsire kaye makina ake pa veroboard kuti mazira otsatira asazizirenso, aziyendetse masiku 21 mpaka anapiye aswe, alembe chilichonse chimene angafune kusintha, kenako ajambule bolodi. Relay yake tidakaigula limodzi tsiku lomwelo, ndipo pepala loyesera miyendo adzalisindikiza akadzajambula bolodiyo.