Alamu yoimba foni kumudzi: mmene mungasankhire yoteteza khola, nkhokwe ndi nyumba

Mbuzi zisanu ndi ziwiri za amayi anga zinapita usiku umodzi wa mu Disembala, mvula ikuwomba pamalata. Amayi anagona mamita 30 okha kuchokera pakhola, galu ali pakhonde, koma panalibe amene anamva kanthu. Kutacha anapeza chitseko cha khola chili pambali, waya womangira atadulidwa, ndi mapazi a anthu awiri m'matope akulowera kudambo. Ine ndimagwira ntchito ku Lilongwe ndipo kwathu ndi chakumadzulo kwa Mponela. Uthenga unandipeza dzuwa lili paliwombo, mbuzi zitafika kale kutali.

Chichokereni tsiku limenelo ndaika alamu ziwiri pakhomo pa amayi. Yoyamba inatilekerera pasanathe miyezi itatu, yachiwiri ikugwirabe ntchito. Zimene ndikulemba pano ndi zomwe ndinaphunzira pakati pa ziwirizi.

Alamu yotere ndi kabokosi kolowa simu khadi ngati foni. Kamalumikizana ndi masensa amene mumaika pazitseko, m'zipinda ndi pabwalo. Sensa ikaona zachilendo, kabokosiko kamaliza sailini, n'kuimbira manambala amene munalembamo ndi kutumizanso meseji. Ntchito yake ndi imeneyo basi: kudzutsa munthu. Choncho musanayang'ane mtengo kapena kukongola kwa bokosi, pali zinthu zitatu zofunika kuziona pakhomo panu pomwepo: netiweki, mphamvu ya magetsi, ndi munthu woti adzuke.

Yambani ndi netiweki. Tengani foni yokhala ndi simu ya TNM ndi ya Airtel, mukaime m'chipinda chenicheni chimene mukufuna kuikamo bokosilo, mutseke chitseko, muimbire munthu. Musakhutire ndi timizere ta pafoni. Imbani ndithu, mutumizenso meseji, muone ngati yafika nthawi yomweyo. Muchite zimenezi masana, usiku, komanso tsiku la mvula ngati n'kotheka. Kwathu amayi akafuna kundiimbira ankapita pachulu cha kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndinkadziwa zimenezi, koma alamu yoyamba ndinaikhomabe m'chipinda cha pakati, pansi pa malata, pomwe foni simagwira n'komwe. Sailini inkalira, koma foni yanga inkangokhala chete. Ngati kwanu kuli ngati kwathu, funani bokosi lokhala ndi polumikizira eriyo yakunja, ija yomangira ndi kachingwe. Eriyo yathu ili pansonga ya khoma, kunja kwa denga, kuyang'ana kumene kuli nsanja ya netiweki, ndipo zinasintha tsiku lomwelo. Mukapeza bokosi lolowa masimu awiri, litengeni, chifukwa netiweki imodzi ikagwa inayo imanyamula uthenga.

Funsaninso wogulitsa kuti bokosilo limagwiritsa ntchito netiweki yanji. Mabokosi ambiri otchipa ndi a 2G yokha. Kumidzi 2G imafika patali ndipo imakwanira kuimba ndi kutumiza meseji, koma mayiko ambiri ayamba kuitseka, ndiye chinthu chomwe mukufuna chikhale zaka zambiri ndi bwino chikhale cha 4G chotha kutsikira ku 2G pomwe 4G palibe. Ngati m'bale wanu akukutumizirani kuchokera kunja, awerenge manambala a pakatoni. GSM ya kuno, yomwe ndi netiweki ya 2G ija, imayenda pa manambala 900 ndi 1800, chimodzimodzi ya ku Joni, pomwe ya ku America ndi 850 ndi 1900. Lopangidwira msika wa ku America lokha likhoza kufika kuno n'kungokhala bokosi. Zipangizo zolumikizirana zimene zimagulitsidwa m'dziko muno zimayenera kukhala zovomerezedwa ndi MACRA, bungwe la boma loyang'anira zolumikizirana, ndipo si kulakwa kumufunsa wasitolo za zimenezo.

Pali alamu zina zomwe zimangolankhula kudzera pa app ya pafoni, zofuna intaneti ndi bandulo. Kwa ife akumudzi zimenezo sizikwanira. Bandulo imatha pakati pa usiku, ndipo mwana wa mlongo wanga amene amagona pakhomopo ali ndi kafoni ka mabatani. Ikhale yotha kuimba. Meseji imalira kamodzi n'kusiya, munthu wotopa ndi khasu saimva, koma foni yoitana imamudzutsa.

Nkhani ya magetsi ndi imene inapha alamu yoyamba ija. Inali ndi kabatire kam'kati kongokwana maola ochepa, ndipo ndinailumikiza kubatire ya sola ya pakhomo, yomwe ana amatchajirapo mafoni ndi kuonerapo TV. Ikamakwana 11 koloko usiku batire ija inali itauma, ndipo alamu inkagona limodzi ndi eni nyumba, pa ola lomwe akuba amayenda. Tsopano alamu ili ndi sola yakeyake ya mawati 30, kontirola yake, ndi batire yake yotsekeredwa m'bokosi la loko. Kiyi amasunga amayi okha.

Masamu ake si ovuta. Batire ya 12V 7Ah, yaing'ono ija yakuda, imasunga mphamvu yokwanira kuyendetsa wati imodzi kwa maola 84. Batire ya mtundu umenewu siifuna kuumitsidwa kupitirira theka, ndiye muwerengere 42. Bokosi lodya mawati awiri likhala pamenepo maola 20 ndi pang'ono. Mu Januwale mitambo imatha kuphimba dzuwa masiku awiri kapena atatu, choncho ine ndinatenga batire yokulirapo, ya 20Ah. Mukamagula funsani kuti bokosilo limadya mawati angati likakhala chete, ndiponso ngati limalola 12V mwachindunji, kuti musavutike ndi inveta. Amene muli pa magetsi a ESCOM muikebe batire, ndipo musankhe bokosi lomwe limatumiza meseji magetsi akazima komanso batire ikatsika.

Tsopano masensa, ndipo apa ndi pomwe pamafunika kuyenda pang'onopang'ono, chifukwa malo aliwonse pakhomo ali ndi khalidwe lake.

Pachitseko cha nyumba ndi cha sitolo yosungiramo feteleza ndi matumba a chimanga, ikani sensa ya maginito. Ndi tizidutswa tiwiri, kena pachitseko kena pafelemu. Tikasiyana, alamu imalira. Siiona mbewa, siisokonezedwa ndi dzuwa, ndipo ndi yotchipa kuposa onse. Vuto lake ndi chitseko chogwedera. Ngati mpata wa pakati pa tizidutswato upitirira sentimita imodzi kapena ziwiri chifukwa cha mphepo, ilira popanda chifukwa. Konzani kaye chitseko ndi mahinjesi. Pageti la khola, lomwe nthawi zambiri ndi la mitengo, funani sensa ya maginito yachitsulo ija amaika pazitseko za magalaja, yomwe imalola mpata waukulu.

Sensa yoona kuyenda, imene amaitcha PIR, imamva kutentha kwa thupi loyenda mpaka mamita 10 kapena 12. M'chipinda chotseka imachita bwino: muikhome pakona, mamita awiri ndi pang'ono kuchokera pansi, isayang'ane zenera kapena mbaula, ndipo matumba asaunjikidwe kufika pafupi nayo, chifukwa khoswe wodutsa pamphuno pake amaoneka ngati munthu. Koma musaiike m'khola. Wasitolo wina anandiuza kuti yake siiona ziweto, ndipo n'zoona kuti ilipo yopangidwira nyumba zokhala ndi amphaka ndi tiagalu, koma mbuzi khumi zikudumphana usiku si mphaka. M'chigafa namonso simoyenera. Fodya akugwedezeka ndi mphepo, mileme ikulowa ndi kutuluka, nkhuku zikukwera pamitanda: ilira mpaka mutaitaya.

Ndimanena zimenezi ndi mtima wonse chifukwa ndinaziona. Sabata yoyamba alamu yakale ija inalira usiku katatu. Tsiku loyamba aneba anabwera onse ndi matochi ndi zibonga. Lachiwiri anabwera atatu. Lachitatu anatuluka ndi amalume okha, ndipo m'mawa anandiimbira nati, "Mphwanga, chinthu chakochi chikutisowetsa tulo, ukachotse." Sindinawaimbe mlandu. Alamu yonama imapha chikhulupiriro cha anthu omwe mukuwadalira, ndipo kuchibweza kumatenga nthawi.

Pakhola tsopano tinachita ziwiri. Akuba ambiri sadzera pageti, amazula mitengo ya kumbuyo kapena kuboola khoma. Ndiye tinazunguliza kawaya kopyapyala kunja kwa khola, kukhomera mtengo uliwonse ndi timisomali topinda, mapeto ake awiri n'kuwalumikiza ku sensa yokhala ndi polowetsa waya. Mtengo umodzi ukazulidwa, kawayako kamaduka ndipo alamu imalira. Kakhale kunja ndithu, chifukwa mbuzi imatafuna chilichonse. Kenako panjira yochokera kudambo tinaika masensa a kuwala kosaoneka, awiri oyang'anizana pamitengo yokwiriridwa ndi simenti. Munthu akadutsa pakati amadula kuwalako. Tengani a mizere iwiri, omwe salira pokhapokha yonse itadulidwa pamodzi, kuti mbalame kapena tsamba zisakudzutseni. Muwakweze kupitirira msana wa galu, ndipo udzu wa pakati pawo uzitchetchedwa nthawi ya dzinja. Chilichonse chokhala panja chikhale cholembedwa IP65 kapena kuposa, kusonyeza kuti fumbi ndi mvula sizilowa.

Kodi a waya kapena opanda waya? Panyumba yaikulu waya ndi wodalirika, bola adutse m'paipi, apo ayi makoswe amudya. Kumakola ndi kunkhokwe ine ndimakonda opanda waya, chifukwa waya wautali wodutsa pabwalo amadulidwa ndi khasu, komanso mphenzi ikagwa pafupi amatha kunyamula mphamvuyo n'kukaotcha bokosi. Koma musakhulupirire mtunda wolembedwa pakatoni. Akalemba mamita 100 amanena pabwalo loyera. Khoma la njerwa ndi malata zimadula mtundawo kwambiri. Musanakhome msomali, mnzanu aime pakhola ndi sensa, inu mukhale pabokosi, muyese kakhumi. Mugwirizane ndi wasitolo kuti zikakanika mudzabweza. Funsaninso ngati bokosi limadziwa sensa ikasiya kulankhula kapena batire yake ikatha, popeza otchipa ambiri amangofa mwakachetechete. Ndipo onani mabatire amene masensawo amadya. Ena amafuna kabatire ka 23A, komwe pagolosale ya kumudzi simungakapeze. A AA ndi AAA amapezeka paliponse.

Bokosi lenilenilo mulibise. Lathu lili kuchipinda kwa amayi, pamwamba pa wadilopu, pomwe sailini ili kutali nalo, pansi pa denga kunja. Wakuba amathamangira kumene kukuchokera phokoso; akaphwanya sailini, bokosi limakhala likuimbabe. Malo aliwonse muwapatse dzina m'bokosimo, kuti meseji izinena kuti KHOLA kapena SITOLO, osati nambala chabe. Sinthani nambala yachinsinsi yomwe linabwera nayo, chifukwa kawirikawiri imakhala 1234 kapena 0000, ndipo wodziwa nambala ya simuyo akhoza kuzimitsa alamu ndi meseji. Musankhenso lokhala ndi njira yotchera panja pokha usiku, anthu m'nyumba akuyenda momasuka. Amayi ali ndi karimoti kamene amagona nako pansi pa pilo. Batani lozimitsira ndinalipaka utoto woyera kuti asalisokoneze potuluka usiku, ndipo lina lofiira ndi loitanira anthu ngakhale atangodwala.

Simu khadi ya mu alamu ilembetsedwe ndi chitupa chanu cha unzika, monga mmene zakhalira ndi masimu onse kuyambira 2018, ndipo muchotse PIN yake musanailowetse. Muziikamo mayunitsi wamba, omwe satha ndi tsiku ngati bandulo. Ine ndimaigulira pa foni ndili konkuno. Nambala yongokhala osagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali imatsekedwa, ndiye Lamlungu lililonse pochokera kutchalitchi mnyamata uja, mwana wa mlongo wanga, amatsegula geti la khola alamu ili yotchera, tonse n'kuona ngati mafoni athu aitana.

Za amene aziimbiridwa, musadziike nokha poyamba ngati mumakhala kutali. Ine ndili Lilongwe sindingathamangitse wakuba ku Dowa. Woyamba ndi mnyamata wogona m'gowelo, wachiwiri amalume omwe nyumba yawo ili kuseri kwa nkhokwe, wachitatu wapampando wa komiyuniti polisi ya m'mudzimo, ine wachinayi. Aliyense anasunga nambalayo ndi kaliridwe kake kosiyana. Ndisanaike alamu yachiwiri ndinapita kwa amfumu kukawafotokozera, ndipo tinagwirizana pamaso pawo kuti palibe wotuluka yekha, ndiponso kuti wogwidwa apite kupolisi osamenyedwa. Sailini ikalira usiku mitima imakwera, ndipo wodula kuwala kuja akhoza kukhala mwana kapena woledzera wosochera. Sindikufuna kuti chinthu chimene ndinagula ndi ndalama zanga chidzaphetse munthu pakhomo pa amayi anga.

Mu Meyi chaka chatha foni inandidzutsa pa 1:40 usiku, meseji ikuti KHOLA. Ndisanamalize kuiwerenga amalume anali atafika kale ndi anthu anayi. Anapeza mitengo iwiri ya kumbuyo itazulidwa, kawaya kataduka, chingwe chatsopano cha sisalo chitatayidwa pansi, mbuzi zonse zitaunjikana pakona. M'mawa mnyamata uja analumikiza kawayako ndi kukwiriranso mitengo. Mabatire a masensa timasintha mu Okutobala chaka chilichonse, mvula isanayambe, ndipo tsiku lomwelo timapukuta sola ndi kuchotsa ulusi wa akangaude pamaso pa masensa a panja.