Kukonzekeretsa ophunzira buku lopeka la sayansi lokhudza khalidwe la madokotala

Musanayambe, pezani mabuku okwanira, choko ndi mapiriyodi awiri.

1. Liwerengeni kaye nokha, n'kuchonga masamba onena za imfa kapena opaleshoni. Ena m'kalasimo asiya odwala kunyumba.
2. Lembani pabolodi: chilolezo cha wodwala, chinsinsi, kafukufuku.
3. Apatseni nkhani yeniyeni. Ku Tuskegee, ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda odwala chindoko sanapatsidwe mankhwala kuti madokotala aone mmene matendawo amakulira, ngakhale penisilini atapezeka.
4. Afunseni: wodwala akakomoka pa Zomba Central Hospital, fomu ya opaleshoni asaine ndani?
5. Ambiri amaphonya apa. Musanalowe mutu woyamba, siyanitsani zopeka ndi zoona, apo ayi mphekesera za anamapopa zilowerera ndipo ana ayamba kuopa chipatala.