Kugwira ntchito ndi katswiri wa khalidwe pamene mwana wavuta m'kalasi

Sukulu zambiri zimaitana katswiri zinthu zitafika kale pakhosi, mwana atamenya anzake kangapo ndipo aphunzitsi akungofuna kuti achoke. Katswiriyo, kaya ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera amene anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, kaya ndi wina wotumidwa ndi ofesi ya maphunziro ya boma lanu, sabwera kudzamukonza mwana ngati wailesi. Iye amuona maola ochepa chabe, pomwe inu muli naye sabata yonse. Ntchito yake ndi kukuthandizani kupeza chimene mwanayo amapindula akachita khalidwelo, kenako n'kumuphunzitsa njira ina yopezera chomwecho. Ku America njirayi amaitcha Functional Behavioral Assessment, ndipo inalowa m'lamulo lawo la maphunziro a ana olumala, IDEA, mu 1997.

Gulu likhale la anthu anayi kapena asanu: mphunzitsi wa kalasi, ahedi kapena achiwiri awo, katswiriyo, ndi kholo kapena womulera. Likachuluka, msonkhano umasanduka bwalo la milandu.

Musanakambe za khalidwe, yambani mwafufuza thupi ndi kunyumba. Kodi amamva bwino, kapena khutu limatuluka mafinya? Amaona pabolodi? Amadya asanabwere? Khunyu lina silimugwetsa mwana, amangoti duu masekondi ochepa, ndiye mphunzitsi n'kumati akunyozera. Zoterezi n'zakuchipatala. Mukaganizira kuti akuchitiridwa nkhanza, uzani oyang'anira chitetezo cha ana m'dera lanu kapena imbani 116, nambala yothandiza ana, tsiku lomwelo.

Kenako sankhani khalidwe limodzi, loopsa kwambiri kapena losokoneza kwambiri, n'kulilemba m'mawu oti aliyense angathe kuliwerenga kuti lachitika kangati. "Ndi wamwano" sizithandiza. Lembani kuti "amaponya kope pansi, amakankha mnzake wapafupi". Muyeso wake ndi uwu: aphunzitsi awiri ataonerera phunziro limodzi, ayenera kupeza chiwerengero chofanana.

Tengani kope, lembani mizere inayi: nthawi, chimene chinachitika khalidwelo lisanayambe, chimene mwana anachita, ndi chimene chinatsatira, makamaka zimene inuyo ndi ana ena munachita. Mzere womalizawu ndi umene aphunzitsi amaulumpha, chikhalirecho yankho limabisala momwemo. Lembani kwa masiku 5 mpaka 10 a sukulu. M'kalasi ya ana 90 simungaime n'kumalemba, ndiye ikani nyemba m'thumba lakumanja, khalidwelo likachitika samutsirani imodzi kumanzere, pa buleki muwerenge n'kulemba zimene mukukumbukira. Katswiri nayenso akhale kumbuyo kwa kalasi mphindi 20 kapena 30, kamodzi pa phunziro limene mwana amavuta kwambiri, kamodzinso pa limene savuta. Kusiyana kwa ziwirizi kumaulula zambiri.

Kafukufuku wa Brian Iwata ndi anzake wa 1982, pa ana odzivulaza okha, anaonetsa kuti khalidwe looneka mofanana lingakhale ndi zifukwa zosiyana kwa ana osiyana. Akatswiri amayang'ana zinayi: kufuna kuti anthu amuone, kuthawa ntchito kapena malo, kupeza chinthu, ndiponso kukhutiritsa thupi, monga kudzigwedeza. Tiyerekeze kuti kope lija likuonetsa izi za mnyamata wa Sitandade 4: pa masamu ali phee, koma nthawi yowerenga Chingerezi mokweza, akatsala ana awiri kuti afike iye, amakankha mnzake, aphunzitsi n'kumutulutsa kuti akatchetche udzu. Gulu lilembe chiganizo chimodzi: "Akauzidwa kuwerenga pamaso pa anzake, amakankha mnzake kuti atulutsidwe." Taonani kuti chilango chija ndicho malipiro ake. Kwa mwana wosatha kuwerenga, chikwanje n'chopepuka kuposa kusekedwa, choncho mukamutulutsa mawa adzakankhanso.

Dongosolo likwane tsamba limodzi. Poyamba chepetsani chomuputa: muuzeni dzulo lake ndime imene adzawerenge, ikhale mizere iwiri, ayeserere ndi mnzake mmodzi, ndipo katswiri ayambe kumuthandiza kuwerengako pa nthawi yapadera. Popanda zimenezi, zina zonse zigwa.

Chachiwiri, muphunzitseni njira yolowa m'malo. Edward Carr ndi Mark Durand anaonetsa mu 1985 kuti ana akaphunzitsidwa kupempha thandizo kapena chidwi, khalidwe lovutalo limatsika. Mupatseni kakhadi kodula pa katoni. Akakaika pa desiki, apume mphindi ziwiri kapena awerenge limodzi ndi inu. Muyeserereni katatu kapena kanayi ali wodekha, osati mkati mwa mkangano. Lamulo lake ndi lakuti kakhadiko kagwire ntchito msanga kuposa kukankha. Masabata awiri oyamba muvomereni nthawi iliyonse, ngakhale mukuona ngati akukupezererani. Pambuyo pake muziti "werenga mzere umodzi kaye, kenako upume", n'kumawonjezera pang'onopang'ono.

Chachitatu, gwirizanani chochita akakankhabe. Mulekanitseni ndi mnzakeyo, mawu ochepa, nkhope yosakwiya, ndipo ntchito ija imudikire akakhazikika. Zikafika poopsa, monga kuponya mwala kapena mpando, chotsani ana enawo m'malo momukoka iye, alankhule munthu mmodzi yekha, ndipo musamugwire pokhapokha wina ali pafupi kuvulala.

Ana ambiri amathandizikanso ndi khadi la tsiku: zolinga zosaposa zitatu, mphunzitsi aliyense alembe 0, 1 kapena 2 phunziro likatha, ndipo munthu wamkulu amene mwana amamukonda amulandire m'mawa ndi kuona khadilo poweruka. Makolo auzeni poyera kuti khadilo si lokwapulira. Mwana akakwapulidwa kamodzi chifukwa cha 0, khadi limayamba kutayika m'njira.

Masiku oyamba khalidwe likhoza kukula m'malo motsika. Mwana waona kuti kukankha sikukumutulutsanso, ndiye amakankha mwamphamvu, mwina n'kuwonjezera kutukwana. Apa ndi pamene madongosolo ambiri amafera. Mphunzitsi watopa, wamutulutsa, ndipo mwana waphunzira kuti chofunika n'kukankha kwambiri. Katswiri wabwino amachenjezeratu zimenezi ndipo amapempha ahedi kuti sabata yoyambayo pakhale munthu wina pafupi. Vuto lina ndi mphunzitsi wogwirizira amene sanauzidwe kanthu. Tsamba lija likhale m'kabati ya m'kalasi, ndipo ahedi amusonyeze asanalowe.

Pitirizani kuwerenga nyemba. Gulu likumane masabata awiri aliwonse kwa mphindi 20, manambala ali patebulo, chifukwa maganizo a munthu wotopa amati "palibe chasintha" ngakhale kukankha kwatsika kuchoka pa kasanu ndi kamodzi patsiku kufika pa kawiri. Pakatha masabata anayi osasintha kanthu, funso loyamba ndi lakuti kodi aliyense akutsatadi tsambalo. Ngati akutsata, ndiye kuti chiganizo chija chinaphonya chifukwa chenicheni, ndipo katswiri akhalenso kumbuyo kwa kalasi, ulendo uno akuyang'ana zimene ana enawo amachita mnzawo akangokankha, makamaka ngati amaseka.