Sitenti kapena opaleshoni ya bypass: zoyenera kuona musanasankhe

Funso loyamba kwa adokotala likhale lakuti mitsempha ya mtima yatsekeka pati, ndipo ndi ingati. Yankho limapezeka pa chithunzi cha angiogram, chimene amajambula atalowetsa kachubu pamkono kapena m'mphechepeche n'kuthira mankhwala oonetsa mitsempha. Mtsempha ukachepa ndi 70 peresenti kapena kuposa, vutolo ndi lalikulu. Pa mtsempha waukulu wakumanzere, umene umadyetsa mbali yaikulu ya mtima, 50 peresenti yakwana kale. Zikakhala zokayikitsa amayeza kuthamanga kwa magazi kuseri kwa chotsekacho, muyeso wotchedwa FFR, ndipo ukafika 0.80 kapena kutsikirapo ndiye kuti mtima ukuperewerwadi magazi.

Sitenti ndi kachubu ka waya woluka, nthawi zambiri ka mamilimita awiri mpaka anayi m'lifupi. Adokotala amadutsitsa waya wopyapyala pamalo otsekeka, amafufumitsa kabaluni kuti kakankhire mafuta oundanawo m'mbali, kenako n'kusiya sitenti itagwira khoma la mtsempha. Wodwala amakhala ali maso, ndipo ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake. Njira ya baluniyi anaiyamba Andreas Grüntzig ku Zurich mu 1977.

Pa bypass chotsekacho sachikhudza n'komwe. Amatsegula fupa lapachifuwa, n'kutenga mtsempha wina kuti magazi alambalale, monga msewu wokhotera mlatho ukaduka. Apa pali kusiyana kumene odwala ambiri sauzidwa bwino: sitenti imakonza malo amodzi okhawo amene yaikidwa, pamene mtsempha wolumikizidwa umateteza mbali yonse imene walambalala, ngakhale pakadzaundananso mafuta ena m'tsogolo. Funsaninso kuti agwiritsa ntchito mtsempha uti. Wa m'kati mwa chifuwa kumanzere, ukalumikizidwa ku mtsempha wakutsogolo kwa mtima wotchedwa LAD, umakhalabe wotseguka mwa odwala pafupifupi 90 pa 100 alionse patapita zaka khumi. Wochokera kumwendo sukhalitsa chotero, ndipo yambiri imakhala itatsekeka kapena kuwonongeka pofika nthawi imeneyo.

Ngati mtsempha wotsekeka ndi umodzi kapena iwiri, chotsekacho n'chachifupi ndipo LAD sanakhudzidwe kumayambiriro kwake, sitenti ndi yokwanira. Ngati yatsekeka itatu, kapena zotsekazo n'zazitali, zolimba ndi kashiamu, zili pamphambano za mitsempha, opaleshoni imapambana. Madokotala amawerengera zimenezi ndi muyeso wa SYNTAX: 22 kutsika m'munsi njira zonse ziwiri zimapikisana, 33 kupita m'mwamba ndi za opaleshoni. Matenda a shuga amasintha zinthu kwambiri. Kafukufuku wa FREEDOM wa mu 2012 anaonetsa kuti odwala shuga okhala ndi mitsempha ingapo yotsekeka amene anachitidwa bypass anamwalira ndi kudwala mtima mwadzidzidzi mocheperapo kusiyana ndi amene anaikidwa masitenti, ngakhale sitiroko inachulukirapo kumbali ya opaleshoni.

Mtsempha ukatsekeka mwadzidzidzi, munthu akubanika ndi ululu wa pachifuwa, kuyerekeza konseku kulibe malo. Pamafunika sitenti msanga, pasanathe mphindi 120 chidziwikireni vutolo. Ngati sizitheka, amabaya mankhwala osungunula magazi oundana.

Ganiziraninso mphamvu za thupi. Opaleshoni imafuna masiku asanu mpaka asanu ndi awiri m'chipatala, ndipo fupa limatenga milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu kuti ligwirane, osanyamula zolemera. Ambiri mtima umagunda mosalongosoka kwa masiku angapo, ndipo bala lapachifuwa limatha kutukusira, makamaka kwa odwala shuga ndi onenepa. Munthu wokalamba kwambiri kapena wa mapapo ofooka akhoza kupindula ndi sitenti ngakhale chithunzi chikuloza ku opaleshoni. Koma sitenti nayo ili ndi zake: mankhwala oonetsa mitsempha aja amavutitsa impso zofooka kale, ndipo mwayi wodzabwereranso kukatsegulitsa mtsempha ndi wokulirapo.

Choopsa kwambiri pa sitenti ndi kusiya mankhwala. Pamafunika mankhwala oletsa magazi kuundana, asipirini pamodzi ndi clopidogrel kapena ticagrelor, nthawi zambiri kwa miyezi isanu ndi umodzi ngati vuto silinali ladzidzidzi, ndi miyezi 12 ngati linali ladzidzidzi. Mukasiya msanga, magazi amatha kuundana m'sitentimo, mtsempha n'kutsekeka kamodzin'kamodzi, zimene zimatha kupha. Choncho ngati mumataya magazi chifukwa cha zilonda za m'mimba, ngati mukuyembekezera opaleshoni ina posachedwa, kapena ngati mankhwalawa simudzawapeza mwezi uliwonse, nenani sitenti isanalowe. Amene akupita ku bypass amasiyitsidwa clopidogrel masiku asanu opaleshoni isanachitike, koma wolamula zimenezo ndi adokotala.

Pemphani kuti chithunzi chanu achione onse awiri, woika masitenti ndi wochita opaleshoni, chifukwa aliyense amakokera ku ntchito imene amaidziwa. Ndipo ngati ululu umangobwera mukamakwera chitunda n'kutha mukapuma, funsani ngati mankhwala okha sangayambe ayesedwa. Kafukufuku wa ISCHEMIA wa mu 2020 sanapeze kuti kuthamangira kutsegula mitsempha kumachepetsa imfa mwa odwala otere, koma amene anali ndi vuto pa mtsempha waukulu wakumanzere sanali m'gululo.