Momwe Mungaperekere Tipi Mukapita Kunja kwa Dziko

Kuno kwathu, kusiyira woperekera zakudya kangachepe zimatengera mtima wako. Ukapanda kusiya, palibe amene angakudabwe. M'maiko ena kangachepe kameneka, kamene amati tipi, ndi gawo la malipiro a munthuyo, ndipo mlendo angathe kumana mnzake ndalama yake ya lendi osadziwa.

Choyamba, musananyamuke fufuzani mwambo wa komwe mukupita, ndipo tipi muiwerengere limodzi ndi ndalama ya chakudya. Ku America ndiko nkhaniyi imalemera kwambiri. Lamulo la dzikolo limalola mwini lesitilanti kulipira weta $2.13 yokha pa ola, ndalama yomwe sinakwere kuyambira 1991, poti akuti zotsalazo azipeza kwa makasitomala. Zigawo zina monga California zimakakamiza mabwana kulipira malipiro athunthu, koma ngakhale kumeneko anthu amasiyabe pakati pa 15 ndi 20 peresenti. Bilu ikakhala $50, onjezerani $8 mpaka $10. Ine dongosololi sindiliona labwino, chifukwa udindo wa bwana aukankhira kwa wakudya. Koma mukakana kupereka, wovutika ndi wantchito uja, osati bwana. Ngati m'thumba mwapepuka, gulani chakudya chonyamula.

Chachiwiri, werengani bilu musanatulutse ndalama. Ku London malo ambiri amaikiratu pa bilu ndalama ya operekera zakudya, yotchedwa "service charge", ya 12.5 peresenti, ndiye palibe chifukwa choonjezera. Kuyambira Okutobala 2024, lamulo ku Britain limati ndalama zonsezo zizipita kwa antchito. Ku France nakonso mtengo wa chakudya umaphatikiza kale za woperekera, kotero tindalama tachitsulo totsala pa chenji ndi tokwanira.

Chachitatu, ku South Africa musamasowe ndalama zing'onozing'ono. M'lesitilanti, 10 peresenti ndiye poyambira. Ngati mukulipira pa khadi, lembani tipi pa bilupo kapena muuzeni weta ndalama yonse asanaidinde pa makina. Wothira mafuta m'galimoto akakupukutirani galasi n'kuonanso mpweya wa matayala, R5 kapena R10 ndi yoyenera. Chimodzimodzinso anyamata ovala malaya onyezimira amene amalondera magalimoto panja pa masitolo. Muwapatse pochoka, osati pofika. Ena mwa ogwira ntchito zimenezi ku Johannesburg ndi Cape Town ndi abale athu omwe, ndipo ndalama yomwe amatumiza kumudzi mwezi ukatha imachokera m'timakobidi timeneti.

Chomaliza, dziwaninso kumene simuyenera kupereka. Ku Japan tipi kulibe. Mukasiya ndalama patebulo, weta angakuthamangireni panja kudzakubwezerani, akuganiza kuti mwaiwala. Lipirani pa kauntala, ndalamazo muike pa kathireyi kamene kali pamenepo osati m'manja mwa munthu, landirani chenji chanu chonse, ndipo muthokoze potuluka.