Momwe mungatsogolere wophunzira pa kafukufuku wake woyamba

Wophunzira wa chaka chomaliza pa yunivesite ya Zambia (UNZA) akabwera ndi mutu wakuti "Kolera mu Lusaka", musamubweze, komanso musauvomere mutuwo. Yambani ndi kumuthandiza kuchepetsa funso.

Mufunseni: madzi ati, komboni iti, miyezi iti? Mliri womwe unayamba mu Okutobala 2023 unakula mpaka National Heroes Stadium inasanduka malo ochiritsira odwala, ndipo zonsezo sangazithe m'chaka chimodzi. Chomwe angathe ndi kuyeza E. coli, tizilombo tosonyeza kuti madzi aipitsidwa ndi ndowe, m'zitsime zosazama za m'komboni ya Kanyama, mvula isanagwe ndiponso pakati pa dzinja. Funsolo alipeze yekha, inu muzingomufunsa. Mukamupatsa lopangapanga adzasowa chonena tsiku loteteza ntchito yake pamaso pa aphunzitsi ena, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene ambiri timawalakwira ana athuwa.

Kenaka awerenge zomwe ena anapeza kale, azisunga mu Zotero, pulogalamu ya pakompyuta yosungiramo zomwe wawerenga, yomwe ndi yaulere.

Chilolezo chisachedwe. Kafukufuku wa zaumoyo wokhudza anthu amadutsa ku komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, monga UNZABREC, kenaka ku National Health Research Authority, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013. Kalata yopempha chilolezo cha eni zitsime ilembedwenso m'Chinyanja, kuti amayi otunga madziwo adziwe chomwe akuvomera.

Tsiku loyamba kumunda pitani naye limodzi. Muonetseni kutunga madzi m'botolo lophetsedwa tizilombo osakhudza kukamwa kwake, kulemba nambala ndi nthawi pomwepo, ndi kuliika m'bokosi la ayezi. Madziwo afike ku labotale pasanathe maola 6, choncho awerengere kuthithikana kwa magalimoto m'tauni. Akonzekerenso kuzima kwa magetsi: makina ofungatira tizilombo akazizira usiku, zotsatira za tsikulo sizodalirika, ndipo alembe zimenezo m'buku m'malo mobisa.

Muzikumana milungu iwiri iliyonse, ndipo abwere ndi buku lenileni la manambala, osati matebulo okongoletsedwa kale. Zotsatira zikasiyana ndi zomwe ankayembekezera, khalani naye pansi mufufuze chifukwa, nambala isasinthidwe.

Polemba, ikani ndemanga m'mbali mwa tsamba koma ziganizo akonze yekha. Ntchitoyo ikapita ku magazini ya sayansi, dzina lake likhale loyamba, ndipo abwerere ku Kanyama akauze eni zitsime zomwe anapeza m'madzi awo.